Kusankha chakudya choyenda ndi vinyo wa Silvaner wosatsekemera wa ku Franken

Anthu ambiri akamva za vinyo wa ku Germany amaganiza za Riesling wa m'mabotolo aatali, wonunkhira zipatso ndiponso wotsekemera pang'ono, moti akapatsidwa koyamba Silvaner, vinyo woyera wa m'dera la Franken, amadabwa kuti shuga sakumveka pa lilime ndipo fungo lake silikufika patali. Ena amafulumira kunena kuti vinyoyu alibe chilichonse. Ine ndimaona kuti chiweruzo chimenechi chimabwera chifukwa chomulawa popanda chakudya, pamene Silvaner ndi vinyo wa pa tebulo, amene kukoma kwake kumatuluka akakumana ndi mchere, batala, nsomba ndi ndiwo zamasamba. Kuti musankhe bwino chakudya choyenda naye, muyenera kudziwa zinthu ziwiri musanayatse moto: dothi limene mpesa wake unamerapo, ndi kulemera kwa vinyo amene ali m'botolo lanulo. Zonse ziwiri mungazidziwe powerenga pepala lomatidwa pa botolo, bola mudziwe kumene midzi yolembedwapoyo ili.

Yambani ndi dera

Franken ndi limodzi mwa madera 13 olima mpesa ku Germany, ndipo lili kumpoto m'chigawo cha Bavaria, motsatira mtsinje wa Main. Minda yake ndi ya mahekitala pafupifupi 6,000, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a minda imeneyi ndi la Silvaner. Dera la Rheinhessen lili ndi mahekitala ambiri a Silvaner kuposa Franken, koma ku Franken n'kumene alimi amaupatsa mpesa umenewu malo otsetsereka abwino kwambiri oyang'ana dzuwa, malo amene kwina amasungira Riesling. Zolembedwa zakale zimasonyeza kuti mpesa wa Silvaner unabzalidwa m'mudzi wa Castell mu Epulo chaka cha 1659, choncho kwa zaka zoposa 350 anthu a m'derali akhala akuphika ndi kudya vinyoyu ali pambali. N'chifukwa chake zakudya za ku Franken ndizo poyambira pabwino, ngakhale kwa munthu amene sadzaphika chakudya cha ku Germany ngakhale tsiku limodzi.

Derali lili kutali ndi nyanja yamchere, kotero kuti nyengo yozizira imakhala yaukali, chisanu chimatha kutentha mphukira mu Epulo ndi Meyi, pamene nyengo yotentha imakhala youma. Zimenezi zimachititsa kuti chaka cholembedwa pa botolo chikhale ndi tanthauzo. Chaka chotentha monga 2018 kapena 2022 chimapereka vinyo wolemera, wa mowa wochulukirapo ndi wowawasa pang'ono, pamene chaka chozizira ndi chamvula monga 2021 chimapereka vinyo wopepuka amene kuwawasa kwake kumamveka msanga.

Chimene chimagawa Franken kwenikweni ndi mitundu itatu ya miyala imene inapangika zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo. Pakati pa derali, kumene mtsinje wa Main umakhota n'kupanga ngodya zitatu, m'dera lotchedwa Maindreieck, pali miyala ya laimu yodzaza zigoba za tizilombo ta m'nyanja yakalekale, imene eni dziko amaitcha Muschelkalk. Kumeneku n'kumene kuli mzinda wa Würzburg ndi midzi ya Randersacker, Sommerhausen, Thüngersheim, Volkach ndi Escherndorf. Silvaner wa kumeneku amakhala wowongoka mkamwa, wosalala, ndipo amasiya kakomedwe konga ka mchere kumapeto. Kum'mawa, m'mphepete mwa mapiri a Steigerwald, kuli dothi lolemera lotchedwa Keuper, limene m'malo ambiri lili ndi mwala wofewa wotchedwa gipisamu ndipo limasunga kutentha. Midzi yake ndi Iphofen, Rödelsee ndi Castell, ndipo vinyo wake amakhala wodzaza kamwa, wonunkhira zitsamba, nthawi zina wowawa pang'ono mokoma. Kumadzulo, m'dera la Mainviereck, cha ku Bürgstadt ndi Klingenberg, kuli mwala wamchenga wofiira, Buntsandstein, umene umadziwika kwambiri ndi vinyo wofiira wa Spätburgunder, ndipo Silvaner wa kumeneko nthawi zambiri amakhala wopepuka ndi wa fungo la zipatso.

Sikuti mwalawo umasungunuka n'kulowa m'mphesa. Chimene chimachitika n'chakuti dothi lililonse limasunga madzi ndi kutentha mwanjira yakeyake, mizu imalowa mozama mosiyana, ndipo mphesa zimapsa pa nthawi zosiyana. Dzanja la wopanga vinyo limasinthanso zambiri, choncho zimene ndalongosolazi ndi chitsogozo chabe, koma ndi chitsogozo chimene sichisocheretsa kawirikawiri. Ngati pa botolo palembedwa Würzburg kapena Randersacker, ganizani za nsomba ndi ndiwo zamasamba. Ngati palembedwa Iphofen kapena Castell, ganizani za nkhuku, bowa, nyama ya nkhumba ndi misuzi ya kirimu.

Zimene botolo likukuuzani

Vinyo wambiri wa ku Franken amaikidwa m'botolo lalifupi, lamimba yobulungira koma yophwatalala, lotchedwa Bocksbeutel, limene malamulo amaliteteza kuti lisagwiritsidwe ntchito paliponse. Botolo limeneli limakuthandizani kuzindikira dera mukali patali ndi shelefu, koma silikulonjezani kuti vinyo wa m'katimo ndi wosatsekemera, ndipo alimi ena odziwa ntchito amaika vinyo wawo wabwino m'mabotolo wamba. Mawu oti muyang'ane ndi akuti trocken. Malinga ndi malamulo, vinyo wolembedwa choncho amakhala ndi shuga wotsala wosapitirira magalamu 4 pa lita, kapena mpaka magalamu 9 ngati asidi wake ndi wokwanira kumuphimba, kutanthauza kuti shuga sayenera kuposa asidi ndi magalamu opitirira 2. Ku Franken kuli mwambo wokhwima kuposa pamenepa, wotchedwa fränkisch trocken, umene sulola shuga kupitirira magalamu 4. Mukaona halbtrocken kapena feinherb, dziwani kuti muli shuga womveka, ndipo malangizo ena a m'munsimu sagwira ntchito.

Kenako yang'anani kuchuluka kwa mowa, chifukwa ndiko kumakuuzani kulemera kwa vinyo mofulumira kuposa mawu ena onse. Silvaner wa maperesenti 11.5 kapena 12 ndi wopepuka, woyenera chakudya chopepuka. Wa maperesenti 13 kapena kuposa ndi wolemera, ndipo amafuna mbale yokhala ndi mafuta kapena msuzi wokhuthala. Alimi ena amalembabe Kabinett trocken pa vinyo wopepuka ndi Spätlese trocken pa wolemera, wochokera ku mphesa zimene zinapsa kwambiri. Alimi a m'bungwe la VDP, amene chizindikiro chawo ndi chiwombankhanga chokhala ndi phava la mphesa pa khosi la botolo, amasanja vinyo wawo potengera malo: Gutswein ndi wa m'minda yosiyanasiyana ya mlimiyo, Ortswein ndi wa mudzi umodzi, Erste Lage ndi wa munda wabwino wodziwika dzina, ndipo Grosse Lage ndi wa munda wapamwamba kwambiri. Vinyo wosatsekemera wa m'munda wapamwambawu amalembedwa Grosses Gewächs, kapena mwachidule GG, ndipo woyera saloledwa kugulitsidwa tsiku la 1 Seputembala la chaka chotsatira kukolola lisanafike.

Mayina a minda ina ndi oyenera kuwasunga pamtima. Würzburger Stein ndi phiri loyang'ana mzinda wa Würzburg, la mahekitala pafupifupi 85, ndipo gawo lake lalikulu lili m'manja mwa nyumba zitatu zakale zopanga vinyo: Staatlicher Hofkeller, imene chiyambi chake ndi chaka cha 1128, Bürgerspital ya mu 1316, ndi Juliusspital imene bishopu Julius Echter anaiyambitsa mu 1576. Ziwiri zomalizazi ndi mabungwe osamalira odwala ndi okalamba, ndipo phindu la vinyo limathandiza ntchito imeneyo mpaka lero. Minda ina yotchuka ndi Escherndorfer Lump, wotsetsereka kwambiri ndiponso wotentha moti vinyo wake amakhala wolemera ngakhale uli pa miyala ya laimu, Randersackerer Pfülben, ndi Iphöfer Julius-Echter-Berg wa pa Keuper. Malangizo anga kwa woyamba ndi akuti asathamangire GG. Ortswein wa mudzi umodzi amasonyeza khalidwe la dothi momveka, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo amagwirizana ndi zakudya zambiri kuposa vinyo wamkulu amene amafuna mbale yomuganizira iye yekha.

Chifukwa chake amayenda ndi zimene amayenda nazo

Kuwawasa kwa Silvaner ndi kofatsa poyerekeza ndi kwa Riesling, ndipo fungo lake ndi la apulo wobiriwira, udzu wongomweta kumene ndi zitsamba, osati la zipatso zotsekemera kwambiri. Zotsatira zake ndi zitatu. Mchere wa m'chakudya umamufewetsa n'kutulutsa kakomedwe kake ka zipatso. Mafuta, batala ndi kirimu zimatsukika mkamwa mukamwa pang'ono, moti chakudya cholowa pambuyo pake chimakoma ngati choyamba. Ndiwo zamasamba zowawa pang'ono, zimene zimalimbana ndi vinyo wofiira komanso ndi vinyo wowawasa kwambiri, zimapeza mwa iye fungo lofanana ndi lawo. Adani ake ndi shuga, tsabola wambiri, ndi viniga kapena ndimu wochuluka. Chakudya chotsekemera chimamuchititsa kumveka wowawa ndi wopanda thupi, tsabola amakuza kutentha kwa mowa, ndipo chakudya chowawasa kuposa vinyo chimamusandutsa madzi. Mukagwira zimenezi, mungathe kuweruza nokha chakudya chilichonse chimene sindinachitchule.

Katsitsumzukwa woyera

Chakudya chimene a ku Germany amachiganizira poyamba akamva za Silvaner ndi katsitsumzukwa woyera, amene amamutcha Spargel. Amakhala woyera chifukwa amalimidwa m'mizere yokwiriridwa ndi dothi kuti dzuwa lisamufike, ndipo nyengo yake imayamba mu Epulo n'kutha pa 24 Juni, tsiku lokumbukira Yohane M'batizi, pamene alimi amasiya kudula kuti mbewu ipeze mphamvu za chaka chamawa. Kwa miyezi iwiri imeneyi malo odyera ambiri amakhala ndi mndandanda wapadera wa zakudya za Spargel.

Konzani theka la kilogalamu pa munthu mmodzi ngati ndicho chakudya chachikulu. Musendeni mosamala kuyambira m'munsi mwa mutu mpaka kutsinde, chifukwa khungu lake ndi lolimba ndi lowawa, ndipo dulani kunsonga ya pansi kumene kwauma. Muphikeni m'madzi owira pang'onopang'ono okhala ndi mchere, kashuga kochepa kwambiri ndi batala pang'ono, kwa mphindi pakati pa 12 ndi 18 malinga ndi kunenepa kwake, mpaka mpeni ulowe mosavuta koma iye asanalendewere. Shugayo ndi wochepetsa kuwawa chabe, ndipo mukamuchulutsa mwaononga mgwirizano ndi vinyo. Ndimu nayenso mumuchepetse, ngakhale ophika ambiri amamuthira m'madzi kuti mtundu ukhalebe woyera.

Tsopano vinyo amasankhidwa potengera chimene mwathira pamwamba, osati katsitsumzukwa mwini. Ngati mwangothira batala wosungunula, ndipo pambali pali mbatatesi zatsopano zophika, tengani Silvaner wopepuka wa ku Muschelkalk, Gutswein kapena Ortswein wa chaka chimodzi kapena ziwiri. Ngati mwakonza hollandaise, msuzi wokhuthala wa batala ndi chikasu cha mazira, vinyo wopepukayo amira, choncho pakufunika Erste Lage kapena Spätlese trocken. Ngati pa mbale pali nyama ya nkhumba yofutsa ndi utsi, imene mchere wake ndi wamphamvu, Silvaner wa ku Keuper ndiye amaima nayo bwino, chifukwa fungo lake la zitsamba siligonja ku utsi. Katsitsumzukwa wobiriwira, amene amapezeka mosavuta kunja kwa Germany, ali ndi fungo lamphamvu la masamba, ndipo akakazingidwa pang'ono m'batala amayenda bwino ndi Silvaner wa chaka chozizira. Saladi ya katsitsumzukwa yothira viniga ndiyo yovuta, ndipo njira yake ndi kuchepetsa viniga n'kuonjezera mafuta ndi dzira lophika.

Nsomba za m'madzi opanda mchere

Franken ndi dziko la mitsinje ndi maiwe, choncho nsomba zake ndi za m'madzi opanda mchere, ndipo pamenepa Silvaner ali kwawo. Ku Würzburg ndi midzi yozungulira amadya Meefischli, tinsomba tating'ono ta mu Main timene amatigubuduza mu ufa, n'kutikazinga m'mafuta ambiri mpaka titauma, n'kutidya tathunthu ndi mitu yomwe, mmene ife timadyera usipa wokazinga. Mchere ndi mafuta ake zimafuna vinyo wopepuka, wozizira bwino, ndipo kutsegulira tinsombati botolo lodula n'kuononga, chifukwa ubwino wobisika wa GG sumveka pakati pa mafuta okazingira.

Nsomba ya trout, imene kumeneko amaitcha Forelle, ikagubuduzidwa mu ufa n'kukazingidwa m'batala imapita ndi Ortswein wa ku Randersacker kapena Thüngersheim. Zander, nsomba yoyera ya mnofu wolimba, ikabwera ndi msuzi wa kirimu wothira vinyo ndiyo mbale imene ndingatsegulire Würzburger Stein mosakayika, ndipo vinyo wothira mu msuziwo akhale Silvaner wotsika mtengo, asakhale mtundu wina. Kum'mwera chakum'mawa kwa dera la mpesa, m'chigwa cha Aischgrund, kuli maiwe ambirimbiri owetera nsomba ya carp, imene imadyedwa kuyambira Seputembala mpaka Epulo. Amaing'amba pakati m'litali n'kuikazinga m'mafuta ambiri, ndipo mnofu wake ndi wonona, wa fungo la m'dziwe pang'ono. Anthu ambiri kumeneko amaidyera mowa wa balere, koma Silvaner wa ku Steigerwald, amene minda yake ili pafupi ndi maiwewo, amachita bwino chifukwa ali ndi thupi lokwanira kulimbana ndi mafuta amenewo. Pa nsomba zonsezi chenjerani ndi ndimu. Madontho ochepa amadzutsa nsomba, koma mukafinyira theka lonse, vinyo adzamveka wofooka.

Soseji, tchizi ndi nyama

Pali chakudya china cha ku Franken chimene chimaoneka ngati chikutsutsa zimene ndanena za viniga. Blaue Zipfel ndi masoseji a nkhumba ophikidwa pang'onopang'ono, osawiritsa, mu msuzi wa viniga, vinyo woyera, anyezi wambiri ndi zonunkhiritsa, ndipo amadyedwa ndi buledi. Chakudyachi chimatha kuyenda ndi Silvaner chifukwa anyezi akapsa amatsekemera pang'ono, mafuta a soseji amaphimba ukali wa viniga, ndipo vinyo wa mu msuzi amalumikiza mbale ndi galasi. Mukamaphika nokha, vinyo achuluke kuposa viniga, ndipo pa tebulo pakhale Silvaner wamba wa chaka chozizira, amene kuwawasa kwake kuli ndi mphamvu. Masoseji owotcha a Bratwurst, amene ku Franken amawanunkhiritsa ndi chitsamba cha marjoram, amafuna vinyo wa ku Keuper, ndipo kabichi wowawasa wa pambali aphikidwe nthawi yaitali kuti afatse.

M'nyumba za alimi zimene zimatsegulidwa kwa masabata ochepa pa chaka kuti agulitse vinyo wawo, zotchedwa Heckenwirtschaft, mudzapeza Gerupfter, tchizi wofewa wa Camembert wophwanyidwa pamodzi ndi batala, anyezi ndi paprika (ufa wa tsabola wofiira), wopaka pa buledi wakuda. Amamwera vinyo wa m'galasi la kotala la lita, limene amalitcha Schoppen, ndipo m'malo amenewa m'pamene munthu amamvetsa kuti Silvaner ndi vinyo wa tsiku ndi tsiku wa anthu olima. Tchizi wolimba wa m'mapiri amayenda ndi Silvaner wolemera amene wakhala zaka zingapo m'botolo, koma tchizi wa mizere yobiriwira ya nkhungu ndi wamphamvu kwambiri kwa iye.

Pa nyama, malire ake ndi oonekeratu. Nkhuku yowotcha, nyama ya mwana wa ng'ombe, schnitzel (nyama yopyapyala yokazingidwa itakutidwa ndi nyenyeswa za buledi) ndi bowa wa mu kirimu zonse zimagwirizana ndi Erste Lage kapena GG, makamaka wa ku Iphofen. Schäufele, phewa la nkhumba lowotchedwa mu uvuni kwa maola angapo mpaka chikopa chitauma, lodyedwa ndi msuzi wakuda ndi mibulu ya mbatatesi, lili pa malire penipeni. GG wa chaka chotentha angathe kuima nalo, koma ine sindingamukakamize, chifukwa dera lomwelo lili ndi vinyo wofiira wa Spätburgunder ndi wa Domina amene amagwirizana ndi msuzi wakudawo mosavutikira. Nyama ya ng'ombe yowotcha ndi nyama ya m'tchire musazipatse Silvaner.

M'khitchini mwanu

Ambiri mwa ife tikapeza botolo limeneli, kaya ku Germany konko, ku Britain kapena pobwera nalo kumudzi, tidzaphika zimene tinazolowera, ndipo mfundo zomwe zija zimagwirabe ntchito. Nsima ndi mpunga sizilimbana ndi vinyo aliyense, choncho chisankho chonse chagona pa ndiwo. Chambo chowotcha pa makala kapena chokazinga, chothira mchere ndi adyo pang'ono, chimafuna Silvaner wa ku Muschelkalk, chifukwa mnofu wake ndi woyera ndi wofatsa, ndipo vinyo wa fungo lamphamvu angaubise. Kampango, amene ndi wonona, amafuna vinyo wolemererapo wa ku Keuper. Nkhuku ya lokolo yophikidwa nthawi yaitali ndi anyezi imayendanso ndi wa ku Keuper, bola matimati akhale ochepa ndipo apse mokwanira mpaka kuwawasa kwawo kuthe, chifukwa msuzi wa matimati osapsa bwino umagonjetsa vinyoyu.

Ndiwo zotendera ndizo ndimazikhulupirira kwambiri, ngakhale anthu saziganizira akamakamba za vinyo. Nkhwani kapena mpiru wotendera uli ndi zinthu ziwiri zimene Silvaner amafuna, kuwawa pang'ono kwa masamba ndi mafuta a nsinjiro, ndipo Ortswein wa ku Rödelsee kapena Castell ali ndi thupi ndi fungo la zitsamba loyenerana nazo. Bowa wa m'dzinja wokazinga ndi anyezi nayenso ndi mnzake wabwino. Kumene muyenera kusamala ndi pa kambuzi ndi tsabola wina wowawa kwambiri, chifukwa akakumana ndi vinyo wa maperesenti 13 wopanda shuga, mkamwa mumangotentha ndipo kukoma kwa vinyo kumatha. Ngati banja lanu silidya popanda tsabola, muikeni pambali kuti aliyense adzithirire, kapena sankhani Riesling wolembedwa feinherb wa mowa wochepa. Nsomba zouma zowamba ndi utsi wambiri nazonso zimamuposa mphamvu Silvaner wopepuka.

Kuziziritsa, kuthira ndi kuyesa

Silvaner wopepuka amweredwe pa madigiri 8 mpaka 10, ndipo wolemera pa madigiri 10 mpaka 12. Botolo likhale m'furiji kwa maola awiri kapena atatu, ndipo lolemeralo litulutsidwe mphindi 15 chakudya chisanafike pa tebulo. Vinyo wozizira mopitirira amabisa fungo, ndipo kwa vinyo amene fungo lake ndi lofatsa kale, kulakwitsa kumeneku n'kumene kumachititsa anthu kumunyoza. Kumalo otentha vinyo amafunda msanga m'galasi, choncho thirani pang'onopang'ono, gawo limodzi mwa magawo atatu a galasi, ndipo botolo libwerere m'madzi ozizira. Musaponye madzi oundana m'galasi. GG wa zaka zochepa amapindula mukamutsegula theka la ola musanadye, kapena mukamuthira m'jagi yoyera kuti apume, ndipo amakoma kwambiri akakhala zaka zitatu kapena zisanu, pamene Gutswein ndi bwino kumumwa m'zaka ziwiri zoyambirira. Botolo losatsegula lisungidwe pamalo ozizira ndi amdima, kutali ndi mbaula ndi zenera, chifukwa kutentha kumakalambitsa vinyo woyera mofulumira.

Musanaitane alendo, yesani mgwirizanowo nokha pamene mphika ukali pa moto. Imwani pang'ono mkamwa muli moyera kuti mudziwe vinyo ali yekha, kenako lawani ndiwo, ndipo mumwenso musanameze malovu kawiri. Ngati vinyo wamveka wowawa kapena wouma kuposa poyamba, m'chakudya muli shuga wambiri kapena mchere wachepa, ndipo kamchere pang'ono kamakonza zinthu nthawi zambiri. Ngati wamveka ngati madzi, chakudya chawawasa kwambiri kapena chalemera kuposa iye, choncho onjezani batala kapena kirimu kuti muphimbe kuwawasako, kapena tsegulani botolo lolemererapo. Ngati mowa ukutentha pakhosi, tsabola wachuluka kapena vinyo wafunda. Kusintha mphika n'kosavuta kuposa kusintha botolo, ndipo n'chifukwa chake kuyesaku kuyenera kuchitika chakudya chisanapakulidwe.

Mukakhala ndi mabotolo awiri, yambani ndi wopepuka pa nsomba kapena masamba, wolemera abwere pa nkhuku kapena nyama, chifukwa mukasinthanitsa, wopepukayo adzamveka wopanda kanthu. Botolo limodzi la mamililita 750 limakwanira anthu anayi kapena asanu pa chakudya chimodzi, ndipo madzi akumwa asachoke pa tebulo. Zakudya zotsekemera zikamabwera, keke, zipatso zakupsa kapena chilichonse cha shuga, chotsani magalasi a Silvaner ndipo mubweretse tiyi kapena khofi. Vinyo wotsala atsekedwe bwino n'kuikidwa m'furiji, kumene amakhala bwino kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo akayamba kufooka mungamuthire mu msuzi wa nsomba kapena wa bowa, n'kuulola kuwira kwa mphindi zingapo musanaonjeze kirimu.